Ba Lighton, Munthu Wopempha Msonkho

Mu Kafue monse, munthu amene anakwerapo minibasi mpaka ku Lusaka kukachonderera kuti amudule msonkho ndi mmodzi yekha, malemu ba Lighton. Enafe msonkho timauona kaye uli patali n'kukhota njira.

Fakitale itawachotsa ntchito, nthawi ija makampani onse a boma ankagulitsidwa, ba Lighton anagula makompyuta akale n'kutsegula kasukulu kuseri kwa msika. Kasukuluko ndiko kanali munda wawo, kanalinso tchalitchi chawo, chifukwa ankalalikira mapulogalamu aulere mpaka malovu kuuma. Ukawapatsa moni, unkachoka ndi CD ya mapulogalamuwo m'thumba. Ngakhale amayi ogulitsa nsomba a ku Chanyanya, kopanda magetsi, ankalandira yawo.

Vuto linali lakuti anthu zaulere anali atasiya kuzikhulupirira. Chipatala cholipira, sukulu yolipira, ndiye kompyuta ikhale ya mahala? Gideon, mnyamata wotsogolera mapemphero ku Nangongwe, anawafunsa pamaso:

"Ba Lighton, uyu muntu opasa vintu va mahala, afunako chani kuli ise?"

"Kulibe, mwana wanga."

"Ndiye vamene nikuyopa ivo."

Mawa lake ophunzira awiri anabwera ndi mafuta opemphereredwa odzozera makina.

Kenaka kunabwera msonkho wa mapulogalamu. Wogula pulogalamu ankalipira msonkho n'kupatsidwa sitika yomata pa kompyuta. Ba Lighton anavina pakhonde. Ankati zogula zikadula, Kafue yense athamangira kwa iwo. Anthu anathamangadi, koma kuthawa. Makolo ankasuzumira pazenera, osaona sitika, n'kukoka ana awo. Chinthu chimene boma silikuchidula msonkho, ankatero, ndiye kuti boma silikuchidziwa.

Ndipamene ba Lighton anavala tayi n'kupita ku ofesi ya msonkho ku Lusaka.

"Nabwela kulipila tax," anauza mayi wa pakauntala.

"Munagula zingati program yanu, atate?"

"Ni ya mahala."

"Tax ya mahala ni mahala. Kulibe cholipila."

"Nipaseni sticker chabe."

"Sticker ni ya olipila."

"Manje nilipile!"

"Mulipile pa chani?"

Akuti anakhala pabenchi mpaka mlonda anawatulutsa ndi ulemu wonse. Ife tinaseka mpaka nthiti kupweteka, ndipo iwo ankaseka nafe, koma kuseka kwa mano okha.

Oyendera za msonkho atafika m'tauni, anapeza makina opanda sitika. Ba Lighton anafotokoza, anayatsa, anaonetsa. Anyamatawo anamvetsera bwinobwino, n'kunena kuti akafufuza kaye, n'kunyamula zonse pa galimoto. Kuyambira tsikulo mkuluyo ankatsegulabe kasukulu m'mawa uliwonse, kusesa, kupukuta matebulo opanda kanthu. Ine zinkandiwawa, moti ndinayamba kudutsira njira ya kusiteshoni. Ba Lighton anadwala m'nyengo yozizira, ndipo sanachedwe.

Masiku ano kuseri kwa msika kuli zii. Amene ali ndi makompyuta amagwiritsa ntchito mapulogalamu okopera mwakuba, ndipo mlendo wovala tayi akangotsika minibasi, amatseka zitseko.

Makina aja anabwezedwa maliro atatha, ndi mawu akuti panalibe mlandu. Mkazi wawo, ba Ennie, anaitana anyamata onse odziwa makompyuta m'tauni kuti kasukulu katsegulidwenso. Anayatsa, anayang'ana mapulogalamu aulere aja, n'kukanda mitu. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakhalitsa m'kalasi ya ba Lighton mpaka kudziwa poyambira.