Thukuta la a Jere ndi Chikopa Changa cha Mbuzi

Anzanga, musanayambe kuseka, ndiloleni ndiyale kaye maziko a nkhaniyi, pakuti ine ndine mphunzitsi, ndipo mphunzitsi salowa m'phunziro popanda mawu otsogolera. Dzina langa ndine Makwinja, kwathu ndi ku Phalombe, koma boma linanditumiza ku Mchinji m'zaka zija maphunziro a pulaimale atangokhala aulere, ana atasefukira m'makalasi mpaka ena tinkawaphunzitsira pansi pa mitengo ya mango. Kumeneko ndinakwatira mkazi wa komweko, amene lero timawatchula kuti mayi a Chikondi. Pamodzi ndi mkaziyo ndinalandiranso, osapempha n'komwe, msuweni wawo, a Jere, mphunzitsi mnzanga wa Sitandade 5.

Chisuweni ndimachidziwa bwino, ndinachiphunzitsapo m'kalasi. Msuweni ndi mwana wa amalume ako kapena wa azakhali ako, ndipo mwambo umalola asuweni kuserewulana ndi kutchulana kuti "amuna anga", "akazi anga" popanda mlandu. Koma phunziro lomwelo lili ndi chiganizo china chimene chinkandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba: kale asuweni ankakwatirana. Tsono taganizani, a Jere, munthu wamtali, wa mapewa ngati chitseko cha sitolo, akuimika njinga pakhomo panga.

"Odi kuno. Akazi anga alipo? Alamu, mukundisungira bwino mkaziyu? Ndikuona ngati waondako."

Mayi a Chikondi n'kuseka mpaka kugwira nthiti. Ine n'kusekanso, koma kuseka kwa mano okha.

Chaka chilichonse anthu akatha kukolola, gulu la amayi a pasukulu pathu, limene akazi anga anali wapampando wake, linkakonza Tsiku la Makolo. Cholinga chinali chakuti makolo abweretse chimanga, mtedza ndi soya zophikira phala ana amasiye ndi ena amene ankabwera kusukulu m'mimba mulibe kanthu. Kuti anthu abwere ambiri pankakhala magule, ndipo gule wotsekera anali ingoma, wotsogolera wake a Jere omwewo.

Kwa amene simunaionepo, ingoma ndi gule wa Angoni amene alibe ng'oma. Ng'oma yake ndi nthaka yeniyeniyo. Amuna amavala zikopa, nthenga pamutu, chishango kumanzere, chibonga kumanja, n'kumaponda pansi onse nthawi imodzi mpaka mumamva kugunda m'chifuwa mwanu. Amayi amaimba ndi kuwomba m'manja, ndipo mayi akakondwera ndi wovina wina amalowa m'bwalo, kuliza nthungululu, n'kumupukuta thukuta kumaso anthu onse akuona. Chaka china ine ndili phee pabenchi, ndikufotokozera alendo mbiri ya gule ameneyu, ndinangoona akazi anga alowa m'bwalo, apukuta nkhope ya a Jere, ndipo chopukutira chake chinali kampango ka maluwa ofiira kamene ine mwini ndinawagulira kwa amalonda ochokera ku Chipata. Mawu anandithera pakati pa chiganizo. Ine ndakhala ndikutuluka thukuta pabolodi zaka zonsezi, kodi alipo anandipukutapo?

Chotero chaka chotsatira ndinapanga chiganizo chimene ndinkachiyesa chosalakwa: ndivine nawo ingoma, kampango kaja kafike pa nkhope ya mwini wake.

"Inuyo, bambo a Chikondi?" anatero akazi anga nditawauza. "Inu amene kutchalitchi mumawomba m'manja anzanu atasiya kale?"

A Jere atamva anakondwa, kapena anachita ngati akondwa. "Bwerani madzulo tiziyeserera limodzi, alamu. Ndili ndi chikopa china chofufutidwa bwino, ndikubwerekani."

Ndinakana mwaulemu. Ndivale chikopa cha munthu amene ndikufuna kumuposa? Andiphunzitse kuponda pansi, kenako azikauza akazi anga kuti mwamuna wawo ndi wophunzira wake? Ayi. Ndinapeza buku lofotokoza magule a m'dziko muno, ndinaliwerenga mpaka kuliloweza, ndipo ndinkayeserera ndekha kuchipinda, pa simenti, nditavala masokosi kuti anthu asamve. Limenelo linali phuma loyamba.

Lachiwiri linali chikopa. Ndinapita kumsika wa paboma, ndinagula chikopa cha mbuzi yongophedwa kumene, ndinachithira mchere n'kuchiyanika padenga la khitchini monga ndinawerengera. Chimene sindinawerengere ndi chakuti kufufuta chikopa kumafuna nthawi, ndipo ine nthawiyo ndinalibe. Pasanapite masiku ambiri akazi anga anayamba kusuntha mipando.

"Muli khoswe wakufa m'nyumba muno," anatero.

Ndinawafotokozera modekha kuti fungo ndi tinthu ting'onoting'ono touluka, ndipo pabwalo pamene pali mphepo timamwazikana. Iwo anangonyamuka n'kupita kukasankha mtedza.

Lachitatu ndiye limafuna kulongosola bwino. Ovina ingoma amavala kabudula wakuda m'kati mwa chikopa. Ine kabudula wakuda ndinalibe. Amene ndinali naye anali wogonera, amene akazi anga anandisokera kuchokera ku nsalu ya chipani. Mukukumbukira masiku amenewo, zipani zitangochuluka, nsalu zinkaponyedwa kuchokera pagalimoto, munthu n'kumangowakha osafunsa kuti ndi ya yani. Posafuna kuwononga nsalu, iwo anadula mwakuti nkhope ya mtsogoleri wa chipanicho inagwera ndendende kumbuyo, pokhalira. M'nyumba sinali nkhani. Koma dera lathu lonse linali la chipani china, mlendo wolemekezeka pa tsikulo anali phungu wa chipani chinacho, ndipo a hedimasitala anali atatichenjeza kangapo kuti wogwira ntchito m'boma saonetsa mbali. Ine ndinalingalira mwanzeru kuti kabudulayo ndi wopepuka, miyendo idzamasuka, ndipo chikopa chidzaphimba zonse.

Tsiku linafika. Makolo anabwera kuchokera ku Chiosya, ku Mavwere ndi midzi yozungulira, ena atasenza malichero, ena pangolo zodzaza matumba, ndipo pambuyo pa ngolo iliyonse, monga mwa nthawi zonse, pankatsatira agalu. Ana anaimba, analakatula ndakatulo, atsikana anavina chimtali. Itakwana nthawi ya ingoma ndinatuluka m'kalasi momwe ndinkavalira n'kukalowa pamzere. Amuna awiri amene ndinaima pakati pawo anasuntha, wina kumanzere, wina kumanja, ngati agwirizana.

A Jere ananunkhiza m'mwamba. "Alamu, mbuziyi mwaisenda, kapena idakali momwemo?"

Maso anga anali pa akazi anga, amene anakhala kutsogolo kwa amayi oimba, kampango kofiira kali m'manja.

Nyimbo inayamba. Apa m'pamene ndinaphunzira zimene buku silinanene. Ingoma amavina opanda nsapato, ndipo mapazi anga, amene akhala m'nsapato kuyambira ndili kusekondale, anakumana ndi dothi la masana la mwezi wotentha, lodzaza timiyala. Ndinaponda koyamba, ululu unakwera mpaka m'mano. Anzanga akakweza mwendo wamanja, ine wamanzere uli m'mwamba. Iwo akaponda pamodzi kuti di, ine ndinkatsatira pambuyo ndekha kuti pha, ngati kamwana kothamangira basi. Thukuta linayamba kutsika, ndipo ndinadzitonthoza kuti thukutalo ndi limene ndabwerera. Koma thukuta litakumana ndi chikopa chosafufutika, tinthu ting'onoting'ono tija sitinamwazikane ayi, tinaitana alendo. Poyamba zinafika ntchentche. Kenako anafika galu wofiirira, wowonda, wa khutu limodzi lopindika, amene analowa m'bwalo mwaulemu n'kuyamba kunditsatira. Ndikapita patsogolo, iye patsogolo. Ndikabwerera, iye n'kubwerera. Kunena zoona, iye ankasunga kayendedwe ka nyimbo kuposa ine. Ndinayesa kumuopseza ndi chibonga mochita ngati ndi mbali ya gule, koma ankangoyang'ana m'chiuno mwanga mwachikondi.

Ndiye ndinaona akazi anga akuimirira, kampango m'manja. A Jere anali pafupi nawo kuposa ine, ndipo ndinaona kuti ndikachedwa, mbiri ibwereza. Ndinatuluka pamzere, ndinafulatira tebulo la alendo kuti ndiyang'anane ndi akazi anga, ndinakweza mwendo m'mwamba kuposa munthu aliyense tsiku limenelo, ndinawerama n'kuponda ndi mphamvu zanga zonse. Mchira wa chikopa unapendeka n'kugunda galu uja pamphuno. Iye anaona ngati ndamupatsa. Anauluma, anakoka, chingwe cha khonje chimene ndinamangira m'chiuno chinaduka, ndipo chikopa changa chinadutsa bwalo la mpira agalu a midzi yonse ali pambuyo pake.

Nyimbo inazima. Ine ndinali chiweramire, msana kwa alendo, ndipo mtsogoleri wa chipani chija anali kuyang'anana maso ndi maso ndi phungu wa chipani chinacho, masaya atatupa chifukwa cha kuwerama kwanga.

M'kachetechete ameneyo phungu uja anatembenukira kwa a hedimasitala. "Mukanandiuza kuti mwaitananso mtsogoleri wa anzathu aja, ndikanamusiyira mpando."

Bwalo linaphulika. Mayi wina wachikulire ankafuula kuti, "Tauzani aphunzitsi awerameponso, timuone bwino, ife timangomumvera pa wailesi." Ndinayesa kutembenuka kuti ndibise, koma bwalo ndi lozungulira, anzanga. Kulikonse kumene ndinatembenukira, mtsogoleriyo ankachititsa msonkhano mbali ina.

Wondipulumutsa anali ndani? A Jere. Anayambitsanso nyimbo ndi mawu awo aakulu aja, anabwera chovinavina, anaika chishango chawo kumbuyo kwanga, n'kundiperekeza kutuluka m'bwalo ngati mmene amaperekezera mfumu. Kuseri kwa kalasi akazi anga anandikulunga chitenje m'chiuno, mapewa awo akugwedezeka ndi kuseka kobisa, kenako anatenga kampango kofiira kaja n'kundipukuta nkhope pang'onopang'ono. Panalibe nthungululu, panalibe woonerera kupatula a Jere, amene anali atatsamira khoma akupukuta misozi.

"Mwapukutidwa tsopano, bambo a Chikondi. Mtima wakhala pansi?" anatero akazi anga.

Ndinazindikira kuti ankadziwa za nsanje yanga kuyambira pachiyambi.

"A Jere ndimawapukuta kamodzi pachaka," anapitiriza. "Inu ndimakuchapirani malaya a choko sabata iliyonse. Ngati mukufuna, tisinthanitse."

"Ine ndavomera kale," anatero a Jere.

Lolemba ndinaitanidwa ku ofesi ya a hedimasitala, kumene ndinafotokoza mwatsatanetsatane kuti malo amene nkhope ija inali sangatchedwe malo aulemu, chotero palibe anganene kuti ndinkachemerera chipanicho, ndiponso popeza ndinkaibisa, palibe anganene kuti ndinkachinyoza. Anandiuza kuti ndituluke asanakomoke ndi kuseka. Phala la ana linaphikidwa mpaka nthawi ya dzinja, ndipo amayi a gulu lija amanena kuti chaka chotsatira makolo anabwera ochuluka kuposa kale lonse, aliyense akufunsa pachipata ngati a Makwinja avinenso.

Sindinavinenso, ndipo sindidzavinanso. Kabudula uja anasanduka chikolopa. Ingoma ndimaifotokoza nditakhala pabenchi, nditavala thalauza ndi lamba wa chitsulo chake cholimba, ndipo akazi anga akalowa m'bwalo ndi kampango ndimayang'ana mitambo. Chotsala n'chakuti a Jere akaimika njinga pakhomo panga, moni wawo unatalika.

"Odi kuno. Akazi anga alipo? Nanga inu alamu, a mtsogoleri adzuka bwanji kumbuyoko?"