Seringa ya Mbuzi M'khutu Mwanga

Mpaka lero ndikatsika shapa (minibasi) kwathu ku Zobwe, sipalephera kupezeka wina wondifunsa ngati dziko laima kapena likuzungulirabe. Ndimangoseka nawo, nanga ndikalipira ndani? Nthabwalayo ndinawapatsa ndekha, tsiku limene ndinatsala pang'ono kufa ndi mantha komanso kuphwasula ukwati wa mwana wanga usanayambe n'komwe.

Ine ndine wa ku Zobwe, ngakhale ubwana wanga wambiri unathera ku Malawi kumene tinathawira nkhondo. Migodi ya malasha itayamba kulemba anthu ambiri, amuna anga anapeza ntchito yoyendetsa chigalimoto ku Chipanga, ndiye tinasamukira ku Moatize. Kumeneko ndinagula firiji, ija timati jelera, n'kuyamba kugulitsa zakumwa zozizira ndi madzi oundana pakhomo. Amene anakhalako akudziwa mmene kumatenthera, malonda amenewa sagona.

Komweko ndi kumene thupi linayamba kundiwawa. Sikuwawa kwa malungo kumene kumabwera n'kuchoka ayi. Kunali m'khosi, m'mapewa, m'chiuno, m'mawondo, lero apa mawa apo, ndipo m'mawa uliwonse ndinkadzuka ngati andipuntha ndi musi. Kuchipatala akayeza magazi ankati zonse zili bwino. Ena ankati ndi fumbi la malasha, ena ankati andiponda ndi anzanga a malonda, ndipo apongozi anga ankati ndi ulesi (ankanena ndili pomwepo, akuyang'ana kudenga). Mapiritsi ndinamwa mpaka m'mimba munayamba kutentha.

Patapita zaka, dokotala wina ku Tete anandidina ndi chala malo osiyanasiyana, ine n'kumadumpha paliponse, ndipo ananena kuti matendawa ali ndi dzina, fibromiyalijiya. Ndinatsala pang'ono kulira ndi chimwemwe, poti matenda okhala ndi dzina lalitali chonchi sangakhale ulesi. Nditadandaula za mapiritsi, anandiuza kuti ndiziyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse ndi kuyesetsa kugona bwino. Kenako, ngati kungocheza, anati kumayiko ena akufufuza njira yopanda mankhwala. Anati mkatikati mwa khutu muli kanthu kamene kamatithandiza kuima osagwa, ndipo akakagwedeza kanthuko ndi madzi ozizira kapena ndi timagetsi tochepa kuseri kwa khutu, odwala ena amati ululu umachepa.

"Koma akuyesa kaye, mayi," anatero. "Ndiponso amachitira kuchipatala, ndi makina ake. Kuno sizinafike."

Pa mawu onsewo, ine amene ndinafika nawo ku Moatize anali awiri okha: madzi ozizira.

Ndinayamba ndi nthenga ya nkhuku, ndikuganiza kuti mwina kanthu kaja kangofuna kukodoledwa. Ndinangotsokomola basi. Zamagetsi ndinaziganizirako madzulo ena ndikuyang'ana batire ya njinga yamoto ya oyandikana nawo nyumba, koma Mulungu anandigwira dzanja (pa chimenechi chokha mundiyamikire). Kenako ndinadonthezera madzi a pampopi ndi supuni. Madzi a pampopi ku Moatize amatuluka ofunda ngati tiyi wa mwana, choncho palibe chinachitika. Ndinatsimikiza mumtima kuti vuto ndi kuzizira kwake, koma kuthira madzi oundana ndili ndekha m'nyumba ndinkaopa.

Nthawi imeneyo mwana wanga woyamba, Lusiya, anali atapeza mnyamata wa banja la Anyungwe a ku Bagamoyo, dera la ku Moatize komweko, aja anasamutsidwa chifukwa cha mgodi. Tinagwirizana kuti abale a mnyamatayo akaonekere kwathu ku Zobwe, kwa achimwene anga amene anali ankhoswe a Lusiya. Ine ndi Lusiya tinatsogola dzulo lake, titanyamula kolemani, bokosi lija losunga zinthu zozizira, yodzaza madzi oundana oziziritsira zakumwa za alendo. Amuna anga anali pantchito.

Ulendo wa pa shapa uja unandimaliza. M'mawa mwa tsikulo ndinalephera ngakhale kukweza mkono kuti ndimange duku. Ndinayamba kudziona ndikulephera kugwada popereka moni, asewere anga akundiyang'ana n'kumaganiza kuti mwana wawo akukalowa m'banja la odwaladwala. Maso anga anagwera pa kolemani ija.

Ndinaitana akulu anga, Mana Tereza, amene anatsala kumudzi ndipo amalima kabichi ndi kuweta mbuzi. Ndinawafotokozera zonse, n'kuwafunsa ngati ali ndi chothirira. Anabwera ndi seringa yaikulu yopanda singano imene amamwetsera mbuzi mankhwala a njoka zam'mimba. Anaitsuka ndi sopo, kenako anaima n'kundiyang'anitsitsa.

"Adokotalawo anati uzichita wekha?"

"Anati madzi ozizira, mana," ndinayankha. (Sindinaname. Ndinangodula mchira wa mawuwo.)

Tinalowa m'bafa ya udzu kuseri kwa nyumba. Ndinakhala pa mwala wosambirapo, ndinapendeketsa mutu, iwo n'kupopera madzi a pansi pa kolemani m'khutu la kumanzere. Kuzizira kwake kunalasa mpaka m'mano, koma kupatula apo sindinamve kanthu. Ndinawauza kuti awonjezere. Anakana, ndinaumirira, anawonjezera. Ndinati athirenso kachitatu kuti mankhwala akhazikike. Ali mkati mothira tinamva galimoto ikuima pabwalo. Alendo anali atafika nthawi isanakwane.

Ndinadzuka mofulumira kuti ndikavale kapulana yatsopano, chitenje cholandirira alendo. Pamenepo ndiye dziko linandithawa.

Udzu wa bafa unayamba kuthamangira mbali imodzi. Poyamba ndinaganiza kuti aphulitsa miyala kumgodi, kenako ndinakumbukira kuti Chipanga ndaisiya kutali. Ndinagwira mzati, mzatiwo n'kupendekeka nane limodzi, ndipo ndinatuluka m'bafamo ndi mbali yonse ya mpanda. Nditakweza maso ndinaona phiri la Zobwe, limene ndaliona litaima malo amodzi chibadwire changa, likudutsa pamwamba pa denga, kubwerera, n'kudutsanso. Ndikatsinzina zinkaipiraipira, ndinkamva ngati ndikugwera m'chitsime chopanda pansi.

Anzanga, mantha amene ndinamva sindinawamvepo ngakhale nthawi ya nkhondo. Ndinadziwa ndithu kuti ndaswa kanthu kaja kam'mutu ndipo ndikufa. Ndinakumbukira amayi ena a kutchalitchi amene anagwa akutsuka mbale ndipo sanayankhulenso. Chimene ndinkafuna n'chakuti ndifere pamene Lusiya ali, ndiye ndinayamba kukwawa kulowera kubwalo, ndikugwira nthaka ndi zikhadabo kuti isanditaye.

Alendo anali atangokhala pamipando pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndinatulukira pakona pa nyumba ndikukwawa, mutu wosamanga, bulauzi yonyowa, udzu uli m'tsitsi. Chinthu choyamba chimene ndinachipeza chosayenda inali miyendo ya mayi wina wovala nsapato zoyera. Ndinaikumbatira. Anali amake a mnyamata. Iwo, posadziwa chochita, anandipatsa moni wa Chinyungwe, "Muli tani?" Ine m'malo moyankha ndinasanza pafupi ndi nsapato zija.

Lusiya anathamanga n'kundinyamula mutu. Atandiyang'ana kumaso anayamba kulira, akuti maso anga ankagwedezeka okha, kuthamangira mbali imodzi n'kubwerera, osaima. Wina mwa alendo ananong'ona kuti ndi khunyu. Mawuwo anayenda pabwalo ponse ngati moto wa m'chilimwe. Mukudziwa zimene anthu amakhulupirira, zoti wakhunyu akatulutsa mpweya uli pafupi nawenso umatengera. Mipando inagwa, anthu anasunthira kumphepo. Wina ankafuna supuni yoti andiike m'kamwa, achimwene anga ankaitana akatekisiti, ndipo ine ndinali nditayamba kale kugawa katundu. Ndinauza Lusiya kuti jelera ndi yake, asalole azakhali ake kuitenga, ndiponso akauze bambo ake kuti ndinawakhululukira (mpaka lero amandifunsa kuti ndinawakhululukira chiyani).

Mana Tereza, amene ankadziwa zonse, anali ataima patali atagwira pachifuwa pamene anabisa seringa ija. Anandiuza pambuyo pake kuti ankangodziona ali m'manja mwa apolisi chifukwa chopha mng'ono wawo ndi chida cha mbuzi, ndiye sanaulule.

Anandinyamula n'kundigoneka m'galimoto ya alendo omwewo kupita nane kuchipatala chaching'ono cha pa Zobwe. Tili m'njira kuzungulira kunayamba kuchepa, koma ine sindinakhulupirire. Ndinkaganiza kuti ndi kuja amati munthu amapezako bwino akatsala pang'ono kutsirizika. Namwino anandiyeza kuthamanga kwa magazi, anandiuza kuti ndimwetulire, ndikweze manja onse, nditchule dzina langa. Zonse ndinachita. Kenako anaona kuti phewa la kumanzere lokha ndi lonyowa ndipo m'khutu mukutulukabe madzi. Anandifunsa chimene ndathiramo. Ndinayang'ana Mana Tereza, iwo anayang'ana kalendala ya pakhoma.

Nditaulula, namwinoyo sanaseke. Anaunika m'khutu ndi katochi n'kunena kuti ndili ndi mwayi kuti silinabooke. Anati madzi ozizira chonchija amasokoneza kanthu kaja ndipo aliyense akhoza kuona dziko likuzungulira, maso n'kumagwedezeka, koma zimatha zokha. Chimene chikanandipha, anatero, ndi kugwa n'kumenyetsa mutu pa mwala uja, ndipo khutu likanakhala ndi bala ndikanatha kugontha. Anandipumitsa pabedi kwakanthawi n'kunditulutsa.

Ndinaganiza kuti zoopsa zatha, koma zinali zikundidikira kunyumba. Tinapeza alendo chakudya sanachikhudze, katundu amene anabweretsa akadali womanga. Lusiya anakhala pakhonde maso ali ofiira. Amalume ake a mnyamata anayankhula mwaulemu ndithu, anapepesa chifukwa cha matenda, kenako anafunsa achimwene anga ngati matenda akugwawa ali m'magazi a banja lathu, poti iwo ayenera kukafotokoza kwawo asanapitirize nkhani. Achimwene anakana, koma ndani akanawakhulupirira, anthu ataona ndi maso awo?

Apa mantha anandigwiranso, ena osiyana ndi oyamba aja. Ndinaona kuti ndikakhala chete ndisunga ulemu wanga koma mwana wanga atsala ndi mbiri ya khunyu imene ingamutsate kulikonse. Ndinagwada pakati pa bwalo n'kufotokoza zonse, kuyambira kwa dokotala wa ku Tete, nthenga ya nkhuku, mpaka m'bafa. Alendo ankangondiyang'ana, ndipo nkhope zawo zinkaonetsa kuti akuyesa ndikupeka nkhani yobisira matenda. Ndinatembenukira kwa akulu anga.

"Mana, tulutsani."

Anazengereza, kenako anapisa dzanja m'bulauzi n'kuika seringa ija patebulo, pakati pa mabotolo a zakumwa. Pambali pake panali pakadali chithunzi cha mbuzi.

Amalume aja anaitenga, anaitembenuza uku ndi uku, n'kunena motsitsa mawu kuti nawonso ali nayo yotere kwawo, koma sankadziwa kuti imagwiranso ntchito kwa anthu. Wina anaphulika kuseka kumbuyo, ndipo bwalo lonse linatsatira, mpaka achimwene anga amene anali atakwiya anachita kupukuta misozi. Katundu uja anamasulidwa, chakudya chinatenthetsedwanso, nkhani inayenda. Lusiya yekha ndi amene sanandiyankhule mpaka tinabwerera ku Moatize.

Chimene chinandisokoneza n'chakuti madzulo a tsikulo ndinazindikira kuti ndagwada, ndadzuka, ndanyamula mabeseni, osamva kuwawa paliponse. Ndinagona tulo timene ndinali nditatiiwala. Ululu unabwerera patapita masiku ochepa, wonse ndithu, osasiyako ngakhale pang'ono. Nditakamuuza dokotala uja anagwira mutu ndi manja onse. Anati sangadziwe ngati anali madziwo kapena mantha, poti munthu amene akuganiza kuti akufa saona za mapewa. Anandilonjezetsa kuti sindidzabwerezanso, ndipo anati kuyambira tsiku limenelo aziyamba waganiza asanacheze ndi odwala. Ndinalonjeza. Masiku ano ndimayenda m'mawa kusanatenthe, ndipo masiku ena amakhala abwinoko kuposa ena.

Ukwati unachitikira ku Moatize chaka chotsatira. Anthu ali mkati movina, asewere anga, amake a mkamwini, anandikokera kuseri kwa tenti. Ndinaganiza kuti akufuna kundikumbutsa manyazi anga. Koma anayang'ana uku ndi uku, n'kundiuza monong'ona kuti iwonso thupi lakhala likuwawawa chisamukire ku Bagamoyo, m'khosi, m'mapewa, m'chiuno, ndipo kuchipatala amangowauza kuti magazi ali bwino. Sanauzepo aliyense poopa kutchedwa aulesi. Ndinawagwira dzanja, ndinawauza dzina la matendawo pang'onopang'ono mpaka analigwira, ndiponso kumene angakapeze dokotala. Ndinawachenjeza mwamphamvu kuti zimene ndinachita ine asadzayerekeze. Anagwedeza mutu kuvomera, kenako anasendera pafupi.

"Ndamva, asewere. Koma munathira khutu liti?"

Munthu wanzeru akanangochokapo n'kubwerera kovina. Ine ndinawauza kuti la kumanzere, ndipo ndinawonjezera kuti ayambe aonetsetsa kuti tsikulo sikubwera alendo.