Adadi a ku Ndirande

Anzanga, nkhani iyi ndimaikamba ndikuseka, koma musanyengedwe, mkatimu imandipwetekabe. Ine ndimaotcherera zitsulo ku Ndirande, mageti, mawindo, mabedi, ndipo matenda anga kuyambira kale ndi oti sindifuna kuuzidwa kuti chinthu sichitheka. Chitsulo chikakana ndimachimenya mpaka chilole. Tsono ndinkaganiza kuti nalonso boma ukalimenyamenya limapindika.

Mchemwali wanga wamng'ono, Esinati, amakhala ku Bangwe. Mwamuna wake, alamu anga a Fanuwelo, anapita ku Joni kukafuna ntchito mwana wawo Thoko ali ndi miyezi isanu ndi itatu, asanayambe n'komwe kuyankhula. Zaka zitatu munthu akuonera mwana wake pa foni basi, naye Thokoyo akampatsa foni ankangoidinadina n'kuthawa kukasewera. Chaka chimenecho alamu anapeza kanyumba kabwinoko, n'kuitanitsa banja lawo kuti likadye nawo Khirisimasi. Nthawi iliyonse akandiimbira ankabwereza chinthu chimodzi: "Alamu, ine sindikufuna zambiri. Ndikungofuna ndimumve mwana wanga akundiitana ndili naye pafupi."

Esinati pasipoti anali nayo kale, yotsala inali ya mwana. Ine monga mchimwene wake wamkulu ndinati ndikuperekeza, zamaofesi zimafuna munthu wodziwa kuyankhula. Tinalawirira ku ofesi ya mapasipoti, tinaima pamzere mpaka miyendo kuchita dzanzi, kenako tinafika pa windo la mayi wina wovala magalasi, wosaseka komanso wosakalipa. Anaona chikalata chakubadwa cha mwana, zithunzi, chitupa cha unzika cha Esinati, zonse zili bwino.

"Nanga kalata ya bambo a mwanayu ili kuti? Yovomereza kuti atuluke m'dziko muno."

"Bambo ake ali ku Joni, mayi," ndinayankha ine ndisanafunsidwe, "koma musadandaule, ine ndilipo. Ndine malume wake."

"Malume sasaina pamenepa."

Ha! Kwathu ku Phalombe mwana ndi wakuchikazi. Pa ukwati wa Esinatiyo nkhoswe ndinali ine, Thoko atadwala chibayo amene anathamanga naye kuchipatala ndine, lendi ya ku Bangwe ikavuta amene amakayankhula ndi alandilodi ndine. Lero ndiuzidwe kuti sindine kanthu? Ndinakweza mawu kuti mzere wonse umve: "Mayi, ine ndi mwini mbumba! Mkamwini sangandipose mphamvu pa mwana ameneyu!"

Mayi uja anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake. "Bambo, mbumba yanu tikuilemekeza, koma pafomupa palibe malo ake. Wotsatira!"

Njira yake inali yosavuta. Esinati anaimbira mwamuna wake tsiku lomwelo, alamu n'kunena kuti alemba kalatayo, akaidinditsa, n'kuipatsira dalaivala wa basi, pakatha masabata awiri ifika. Nthawi inalipo yokwanira, tinali mu Novembala. Esinati anati tidikire. Ine ndinakana, n'kumanamizira kuti kalata zodzera pa basi zimasowa. Koma lero ndinene zoona, sikunali kufulumira ayi, kunali kunyada. Zoti pepala la mkamwini lilemere kuposa ine amene ndinaima pamaso pawo ndi thupi langa lonse, zinkandisowetsa mtendere.

Ndiye ndinakonza pulani. Esinati anali ndi fotokope ya chitupa cha alamu, yoderapo kwambiri moti nkhope yake inkangooneka ngati kunsi kwa poto. Ndinati basi, ndipitanso ine ngati a Fanuwelo, ndikanene kuti chitupa chenichenicho chinatayika pa ulendo. Esinati anakana, analira, koma mchimwene wamkulu akalamula ungatani? Mkazi wanga atamva sanataye mawu ambiri. Anangoti, "Ine kupolisi sindidzakubweretserani chakudya, mudziwiretu."

Vuto limene ndinaliona linali limodzi, Thoko. Mwanayo anali wolongolola, ndipo akandiona amakuwa "Ankolo!" msewu wonse kumva. Ndinamutenga kuti akhale kwathu ku Ndirande sabata yathunthu, sukulu n'kuyamba. Ndinkagula mafilizi, aja a madzi otsekemera owumitsa m'timapepala, n'kumukhazika pa benchi kuseri kwa shedi yanga.

"Thoko, ine ndani?"

"Ankolo."

"Ayi. Taona filiziyi. Ine ndani?"

"Ankolo a filizi."

Tsiku loyamba zinakanika, lachiwiri anayamba kukayikakayika, pofika lachitatu mwana anakhoza mayeso. Ndikangoloza pachifuwa panga, iye "Adadi!", ine filizi m'manja mwake. Ndinkadziona ngati mphunzitsi wamkulu. Mpaka ndinkawaitana anzanga a pashedi kuti adzaone luso langa.

Lamulungu tinapita naye kutchalitchi. Mapemphero atatha, anthu ali mbwee panja kupatsana moni, mwana uja anandiona ndili ndi akuluampingo, n'kuthamanga manja ali m'mwamba: "Adadi! Adadi! Filizi!" Amayi a mvano onse anatembenuka nthawi imodzi. Onse amadziwa kuti ine ndili ndi anyamata awiri okha. Sanandiyang'ane ine ayi, anayang'ana mkazi wanga ndi maso achisoni, wina mpaka anamugwira dzanja n'kumunong'oneza kuti, "Limbani mtima amayi, amuna ndi choncho." Masiku awiri kunyumba ndinkayankhulidwa kudzera mwa ana. Kodi pamenepo munthu wanzeru sakanasiya? Ine ndinati zikusonyeza kuti maphunziro alowa.

Tsiku lobwerera ku ofesi ija linafika. Ndinameta ndevu zonse, ndinavala chipewa, ndinavalanso jekete imene alamu anaisiya, manja ake akulekeza pakatikati pa mkono. Pa benchi yodikirira zinayamba kale kuoneka zachilendo, chifukwa kwathu munthu sukhala mogundana ndi mlongo wako. Ine uku, Esinati uko, pakati pathu malo okwana anthu awiri, banja lotani limenelo? Koma ndinali nditasankha bwino windo, la mnyamata wina wooneka wotopa amene sankadzutsa n'komwe mutu. Patsogolo pathu patatsala munthu mmodzi, mnyamata uja anayang'ana wotchi, anaimirira, n'kutuluka. Pampando pake panadzakhala ndani? Mayi wa magalasi.

Kubwerera kunali kosatheka. Iye sanaonetse kalikonse. Analandira mapepala, anayang'ana fotokope ija, anandiyang'ana ine.

"Ndinu bambo a mwanayu?"

"Eya, mayi. Ndangofika kumene kuchokera ku Joni."

Anaweramira kwa mwana. "Iwe kamtsikana kokongola, awa ndani?"

"Adadi!"

Anzanga, chimwemwe chimene ndinamva! Mumtima ndinati boma lagwa. Mayi uja anagwedeza mutu, n'kupempha zithunzi za mwana. Esinati anali atamunyamula Thoko, chikwama chili paphewa, akuvutika kutsegula zipi ndi dzanja limodzi. Kenako anatembenukira kwa ine, mwaulemu wake wonse uja anaphunzitsidwa kwathu:

"Achimwene, tandigwirirani mwanayu."

Sabata yathunthu ndinalimbana ndi mwana, osaganizako zophunzitsa mayi ake! Esinati anadzigwira pakamwa. Apa ndikanangopepesa, mwina zikanathera pomwepo. Koma ine ndi ine.

"Ndi chikondi chabe, mayi," ndinatero ndikuseka chiseko chouma. "Kunyumba timaitanana choncho."

"Zosangalatsa," anatero mayi uja akulemba kenakake. Ndiye mosayang'ana n'komwe, ngati akufunsa za nyengo: "Mayi anu okuberekani dzina lawo ndani, bambo?"

Mudzi wa alamu ku Ntcheu ndinali nditaloweza, tsiku lawo lobadwa ndinali nditaloweza, koma pa dzina la mayi pakamwa sipadikira mutu. Ndinangomva ndanena kale: "A Felesiya."

"Nanga inu, mayi a mwana?"

Esinati maso ali pansi, mawu ngati a udzudzu: "A Felesiya."

Mayi uja anaika cholembera pansi, anavula magalasi, n'kuyankhula momveka bwino, mofanana ndi mmene ndinakwezera mawu ine tsiku loyamba lija. "Ndiye bambo, mukundiuza kuti munakwatira mchemwali wanu wa bere limodzi, mwabereka naye mwana, ndipo lero mwabwera kudzadziwitsa boma?"

Mzere wonse unaphulika. Amayi ena anachita kukhala pansi ndi kuseka, bambo wina wachikulire wovala mkanjo ndi kofia anangopukusa mutu n'kusuntha kuti atalikirane nane. Thoko poona anthu akusangalala anaganiza kuti ndi nthawi ya mayeso, n'kuyamba kuwomba m'manja: "Adadi! Adadi!" Ine thukuta lili kamukamu m'jekete ya eni.

"Vulani chipewacho, a mwini mbumba," anatero mayi uja. "Ndinakuzindikirani muli pakhomo paja."

Ananditengera m'kachipinda kena komwe ndinalemba zonse ndi dzanja langa, ndinapepesa mpaka kugwada, munthu wamkulu wa ana awiri. Anandichitira chifundo, sanandipereke kupolisi, koma anandiuza mosabisa kuti zimene ndinachitazo anthu amamangidwa nazo, chifukwa ndi mmene ana amabedwera. Mapepala a Thoko anati aikidwa pambali kuti afufuzidwe bwinobwino. Mu minibasi pobwerera Esinati ankangopukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Kalata ya alamu inafika patangotha masiku anayi. Anayi okha, anzanga! Yodindidwa bwino, yosapindika n'komwe, dalaivala anachita kuibweretsa yekha mpaka pa siteji ya ku Bangwe. Koma mapepala oikidwa pambali sathamanga. Disembala inadutsa, Januwale inadutsa, pasipoti inatuluka mu Febuluwale. Khirisimasi ija alamu anadya okha m'kanyumba kaja, kadiresi kamene anagulira mwana kali pa hang'ala.

Ndinkaganiza kuti chilango changa chathera pamenepo. Esinati ndi Thoko atanyamuka ndinapuma, ndinati tsopano zonse zikonzeka. Patapita masiku atatu Esinati anandiimbira, ndipo mmene ananenera "Achimwene" ndinadziwiratu kuti sizili bwino.

Akuti alamu anafika pa depoti m'mamawa, chidole chili m'manja, n'kudikira mpaka basi inalowa masana. Atawaona akutsika anathamanga, anagwada pansi pakati pa anthu ndi katundu, manja ali tambalale. Esinati anati, "Thoko, awa ndi adadi ako." Mwana anawayang'ana, n'kubisala kuseri kwa mayi ake.

"Ayi. Awa ndi ankolo a mu foni. Adadi ali ku Ndirande."

Esinati anamunyengerera, anamupempha, alamu ali chigwadire akumwetulira mokakamiza. Mapeto ake mwana anatuluka pang'onopang'ono, anaima patsogolo pawo, n'kunena bwinobwino mmene ndinamuphunzitsira: "Adadi." Kenako anatambasula kadzanja kake kudikira malipiro.

Tsiku lotsatira alamu anandiimbira okha. Ndinakonzeka kutukwanidwa, ndipo kunena zoona ndinkafuna anditukwane, zikanandipepukira. Koma anandipatsa moni mwaulemu, anafunsa za ana, anafunsa za ntchito. Kenako ananena motsitsa mawu:

"Alamu, zaka zitatu ndakhala ndikudikira liwu limodzi lokha. Inu munaligula ndi mafilizi."

Munthu amene ndimayankha ndisanafunsidwe, tsiku limenelo ndinangogwirira foni kukhutu mpaka inaduka yokha.

Panopa akuti Thoko anazolowera, amawaitana bambo ake mwaulere, koma tsiku loyamba lija silidzabweranso, ndipo amene ndinaliwononga ndine. Umwini mbumba wanga tsopano ndimauchitira pa maliro ndi pa zinkhoswe basi. Fomu ikanena kuti bambo, ine manja kumbuyo, ndimakadikirira panja pamthunzi. Ndipo mwana wa munthu aliyense akadzanditchula kuti adadi, ngakhale molakwitsa, mudzandiona ndikuwoloka msewu osayang'ana n'komwe magalimoto.