Tsiku limene ndinakwecha golide wa apongozi

Pali ntchito zina zimene umazigwira ndi mtima wonse, pambuyo pake n'kumalakalaka ukanangodwala tsiku limenelo.

Nditangokwatiwa, tinakakhala sabata imodzi kwa makolo a mwamuna wanga ku Romford, chakum'mawa kwa London. Ndinali nditamva manong'onong'o oti atsikana a ku London ngati ine ndi aulesi, ndiye ndinalumbira kuti apongozi andiona. Loweruka onse atapita kumsika, ndinamanga chitenje. Mapoto anawala, bafa inawala (mphaka anaona yekha kuti athawe).

Kenako ndinafika pakabati ya apongozi aamuna. Bambowa, nesi wopuma ntchito, amasonkhanitsa makobidi akale agolide a ku Spain, ena ovuulidwa m'zombo zomira. Ine izi sindinkadziwa. Ndinangoona timakobidi titatu topindikapindika, tazokakamira ngati pansi pa ketulo. Ndinawamvera chisoni akuluakuluwo, ndipo ndinatenga sitiwulu wokwechera mapoto.

Abale, ndinakwecha. Ndinakwecha mpaka kamtanda kapakati pa kakobidi kalikonse kanayamba kufufutika.

Woyamba kulowa anali mwamuna wanga. Atationa timakobidito anakhala pansi, pakapeti penipeni.

"Wapanga chani iwe? Dadi amavala magolovesi akamagwira zimenezi! Litsirolo ndi la pansi pa nyanja, ndiye ulemerero wakewo!"

Munthu wanzeru akanadikira n'kupepesa. Ine ndinaganiza zobwezeretsa litsiro. Ndinativiika mu tiyi, sizinagwire. Ndinapaka dothi la mumphika wa maluwa, linayoyoka. Pomaliza ndinatenga polishi wa nsapato (mwamuna wanga ankalondera pawindo, asadzakane).

Apongozi aamuna atafika anatsegula kabati, nanyamula kakobidi kamodzi, nakanunkhiza.

"Mayi," anatero mofatsa, "kakobidi aka kanapirira nyanja zaka zambirimbiri. Inu mwakamaliza m'mawa umodzi."

Ndinagwada, misozi ili chuchuchu. "Pepani bambo, ndimafuna muone kuti si ine waulesi."

Anapukuta polishi kuzala. "Taona, mayi. Taona ndithu. Chonde musadzationetsenso."

Anandikhululukira, ngakhale kabati ili ndi loko tsopano. Pa Khirisimasi azilamu anga amakhetsa thukuta kukhitchini, ine ndili phee pasofa. Ndikangoti ndidzuke ndithandizeko, apongozi amafuula ali kuchipinda, "Khalani pansi, mayi!" Manyazi ndimachita, sindikana. Koma chigamulo chimenechi sindinachitirepo apilo.