Wigi Yanga Inasambira Yokha ku Girisi

Mpaka lero mukangotchula dziko la Girisi m'nyumba mwanga muno mu Liverpool, amuna anga amanyamuka n'kukasekera kukhitchini. Amaganiza kuti sindimva. Ndimamva, ndipo Mulungu akuwaona.

Nkhaniyi inayamba ndi mwana wathu Tamanda. Anabadwira konkuno, ndipo ndi uja ukamulankhula Chichewa amakuyankha m'Chingerezi. Atapeza mnyamata woti amange naye banja, Mphatso wa ku Leeds, awiriwo anagwirizana kuti makolofe tikadziwanirane pa kachilumba kena ka ku Girisi, ka nyumba zoyera ndi amphaka ochuluka kuposa anthu. Ine chimwemwe chake! Zaka zonse zomwe ndagwira ntchito yosamalira okalamba, holide yanga inali yochapa makatani. Ndinauza aliyense: anzanga akuntchito, amayi a kwaya, ngakhale dalaivala wa basi yemwe sanandifunse n'komwe.

Chomwe chinkandidetsa nkhawa anali amayi ake a Mphatso. Ndinali nditangowaona pa chithunzi: mayi wamtali, woongoka khosi, wophunzitsa anamwino. Ndinati pamenepa ndisakaonekere ng'amba. Ndinakwera sitima mpaka ku Manchester kukagula wigi yatsopano, yofika m'mapewa, yakuda bii. (Amuna anga ataiona anangofunsa ngati mwini tsitsilo akudziwa kuti lili kwathu.)

Masiku oyamba zonse zinayenda bwino. Tinakwera phiri kukaona katchalitchi ka pamwamba, ine n'kufika ndikupuma ngati ng'ombe ya pangolo, koma wigi ili m'malo mwake. Tinapalasa njinga m'minda ya maolivi, tinadya nsomba zootcha m'mbali mwa doko. Asewele anga ankandiitana kuti Mayi Phiri, inenso kuwaitana Mayi Kumwenda, ulemu wokhawokha, aliyense akuyeza mnzake ndi diso la m'mbali.

Kenako linafika tsiku lokwera boti. Mwini wake, bambo wachikulire wa ndevu zoyera, anatitengera pamalo pena pomwe madzi ake ndi oyera moti umaona mchenga pansi. Anatigawira magalasi oonera m'madzi, kapaipi kopumira ndi jekete yoyandamitsa. Asewele anakana mwaulemu, anati iwo azionera ali m'boti momwemo, duku lawo lili kumutu. Apa m'pamene kudzikonda kunandilowa. Ndinati lero mayiwa adziwe kuti kwa a Phiri kuli amayi olimba mtima.

Tamanda anandinong'oneza kuti ndiyambe ndavula wigi, ndivale kachipewa kosambirira. Ndinamuyankha kuti ndaigwiriziza ndi mapini, ndipo sindinakwere ndege kudzaonetsa asewele mutu wanga. (Kunsi kwa wigiyo kunali timizere tomwe ndinaluka ndekha mothamanga, taimvi, tokhotakhota ngati njira za mbewa.)

Ndinatsika pa makwerero n'kuviika nkhope m'madzi. Abale anga, pansi paja pali dziko lina. Tinsomba tamizeremizere tikudutsa pamphuno panga penipeni, tina tabuluu, tina tonyezimira ngati timasipuni tatsopano. Ndinaiwaliratu kuti ndine mayi wa mwana wokwatiwa. Ndinayamba kukuwa ndi chimwemwe m'kapaipi muja, kumenya miyendo, kuthamangitsa nsomba ina yonenepa yomwe ndinkaiona kale ili m'poto ndi tomato. Mutu ndinaumva kupepuka ndi kuzizira bwino, ndipo ndinati m'mtima, n'chifukwa chake azungu sachoka m'madzi.

Nditadzutsa mutu ndinapeza chipwirikiti. Mayi wina wachizungu yemwe tinakwera naye boti ankakuwa, akuloza chinthu chakuda chomwe chinkayandama chitatambasula miyendo yambirimbiri. Anthu anayamba kusambira mothawa, kukankhana pa makwerero. Poti mantha safunsa, nane ndinathawa, ndipo woyamba kukwera ndinali ine. Ndinafika m'boti wefuwefu, ndikuuza aliyense kuti chilombocho chinandikhudza pakhosi.

Mphatso, mkamwini wanga wa mawa, ankangoyang'ana zala zake za kumapazi. Tamanda anabisa nkhope. Amuna anga anali ataluma thaulo, mapewa akugwedezeka. Mwini boti anatenga ndodo yake yangowe, anachikola chilombo chija n'kuchikweza m'mwamba chikudontha madzi. Anachitembenuza uku ndi uku, kenako anayamba kuyang'ana mitu yathu umodziumodzi, mpaka anafika pa wanga.

"Madamu," anatero mwaulemu, akundipatsa ndi manja awiri.

Ndinalakalaka nyanja ija itangondimeza. Ndinaganiza za ukwati wa mwana wanga, ndi zomwe anthu a ku Leeds akamve za banja lomwe mwana wawo akulowamo. Ndinakhala pansi, wigi ili pamiyendo ngati mphaka wogwera m'chitsime.

Pamenepo asewele anasendera pafupi. Anamasula duku lawo n'kundimanga kumutu bwinobwino, mfundo kumbuyo. Nditakweza maso ndinaona kuti nawonso mutu wawo unali ndi mbiri yake. Tsitsi la kutsogolo linatsanzika kalekale, chipumi chinakalekezera pakati pa mutu.

"Amake Tamanda," anatero chapansipansi, "yanga ili kuhotela. Inauluka ndi mphepo pa sitima ya pamadzi tsiku tinkabwera lija, inu mukujambula nyanja. Ndinachita kuiponda ndi phazi."

Tinaseka awirife mpaka misozi, titagwirana manja, mayi wachizungu uja akupepesa osadziwa kuti apepese kwa ine kapena kwa wigi. Madzulo ake tinakhala awiriwiri pakhonde la hotela, mitu ili pamtunda, tikukambirana za mitundu ya nsalu za pa ukwati ndi kudandaula za ana osayankha Chichewa.

Ukwati unachitika ku Leeds, ndipo unakoma. Tamanda amandifunsabe ngati ndinaphunzirapo kanthu. Ndinaphunzira kuti pansi pa nyanja ndi pokongola, ndipo ndikufuna kukaviikanso nkhope ndisanakalambe. Koma za kachipewa kosambirira zija ayi. Ndinakafunsa kale kwa wogulitsa mawigi, akuti kuli guluu wina wosaopa madzi. Asewele akuti ndikawatengereko botolo limodzi.