Njomba ya ku Japan, bondo la ku Dedza

Ndikulemba izi mwendo uli pa pilo, ndipo mayi a Tadala andiletsa kutchula mawu oti mpira m'nyumba muno mpaka Khirisimasi.

Zinayamba ndi mwana wanga Tadala, mtsikana wobadwira kuno ku Perth. Ndikamulankhula Chichewa amayankha Chingerezi, mwachidule, maso ali pa foni. Koma pali munthu mmodzi amene akayamba kumukamba samaliza: mnyamata wina wa ku Japan wosewera mpira ku Ulaya. Akuti anayambira timu ya kusukulu, ndipo ndevu zisanamere n'komwe matimu akuluakulu anali akumulimbirana. Chithunzi chake chili pakhoma kuchipinda kwa Tadala (changa, chimene ndinajambulitsa nditavala suti, chili m'dirowa).

Ndinayamba kuonera nawo mavidiyo ake kuti ndipeze pochezera ndi mwana, kenako ndinakopeka ndekha. Mnyamatayo akamathamanga amakhala ngati sakuponda pansi. Ali ndi njomba ina yake: amadumphitsa phazi pamwamba pa mpira, kupendekera uku, n'kuthawira uko, womutchinga n'kutsala akuyang'ana mphepo.

Kuntchito ku Welshpool, kumene ndimasanja makatoni m'nyumba yosungiramo katundu, maganizo anayamba kuuluka. Mashelefu ankasanduka bwalo lalikulu lodzaza, makatoni onse atavala majezi, akuimba dzina langa m'Chijapani. M'malotomo mimba inaphwa, tsitsi linameranso. Ndinkadutsa anthu ngati utsi, Tadala ali pamwamba akuuza anzake kuti awo ndi bambo ake.

Ndiye kunabwera tsiku la masewera la mpingo wathu, abambo kulimbana ndi achinyamata, pa paki ina ku Morley. Mayi a Tadala anandikumbutsa kuti mpira ndinausiyira ku sekondale ku Dedza, ndipo ngakhale kumeneko ndinali wotunga madzi. (Bodza limenelo. Ndinali wapabenchi.) Ndinawauza kuti angobweretsa mpando adzaone okha.

Mpira unandipeza m'chigawo chachiwiri. Patsogolo panga panaima a Phiri, mkulu wa mpingo, amene anabwerekedwa kwa achinyamata chifukwa timu yawo inaperewera. Munthu wamkulu, wosathamanga, ndikanatha kuwadutsa ndikuyenda. Koma ndinaona Tadala atakweza foni. Ndinadumphitsa phazi, n'kupendekera uku. Thupi linathawira uko, bondo linakana kutsatira. Ndinaponda pa mpira, kabudula n'kung'ambika kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo ndinapezeka ndagona chagada, ndikuona mitambo ikuyenda pang'onopang'ono, yokongola kwabasi.

A Phiri anawerama n'kundifunsa mwaulemu, "Bambo a Tadala, mumafuna kupita mbali iti? Bwenzi nditakupatukirani."

Kuchipatala ku Murdoch, nesi wondilandira anali Mayi Banda a kwaya yathu. Sanaseke. Anangoti vidiyo aiona kale pa gulu la amayi la pa foni, ndipo poyambira penipenipo ndinayamba bwino.

Madzulo ake Tadala anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuika mavidiyo awiri pamodzi, ya mnyamata uja ndi yanga. Tinaonera mobwerezabwereza mitu itagundana, iye akuseka mpaka misozi, ndipo tinacheza mpaka anesi kudzamutulutsa.

Adokotala akuti bondo lipume miyezi ingapo, ndipo pamaso pa mayi a Tadala ndavomereza kuti zaka zapita. Komabe ndikaonetsetsa bwino, vuto silinali ukalamba ayi. Mnyamatayo amayamba ndi phazi lamanzere. Ine ndinayamba ndi lamanja, ndipo mwendo wamanzerewu udakali bwinobwino.