Linki ya a Gwanda Imene Tonse Tinatsegula

Mu Area 23 yense, kuyambira pa siteji mpaka kutsetserekera ku Chipasula, simukanapeza munthu wochotsedwa m'magulupu a WhatsApp kambirimbiri ngati malemu a Gwanda. Gulupu ya mpingo inawachotsa. Ya chitetezo cha m'dera inawachotsa. Ya amayi a banki m'khonde, imene mpaka lero sitidziwa kuti mwamuna wa ndevu zoyera analowamo bwanji, inawachotsa, iwo n'kubwereramo pa nambala ya malemu akazi awo. Mlandu wawo unali umodzi: malinki.

Ine ndine Irene, mwini wa kanyumba kotumizira ndalama pafoni kali pafupi ndi chigayo kaja. A Gwanda ankasoka nsapato pambali pa kanyumba kanga, foni yawo yong'ambika galasi n'kumadya magetsi anga ulele. Ndiye zimene ndikunenazi si za m'maluwa ayi.

Ntchito imene anadzilemba okha inali yopemphera ana a eni. Paja ana a masiku ano akafuna kujambula nyimbo, kusindikiza kabuku ka ndakatulo kapena kugula zovala za zisudzo, amatsegula tsamba pa intaneti, n'kulembapo chimene akufuna kuchita ndi ndalama imene ikufunika, kuti aliyense wokhudzidwa aponyepo kangachepe. A Gwanda akangomva kuti kwinakwake kwatseguka tsamba lotere, nsapato zinkayamba zaima. Sankadyapo kanthu. Ena mwa ana amenewo sanawaonepo n'komwe ndi maso.

Linki sinkabwera yokha. Inkatsatana ndi uthenga wa mawu wautali ngati ulaliki wa pa Pasaka.

"Okondedwa anga, ndi Gwanda, musadule. Pali mtsikana ku Mgona, amajambula zithunzi ndi makala. Ndati makala, omwewo ophikira nyembawo! Tadinani pa buluupo."

Ukamvetsera bwino unkamva hamala ikulira chapansipansi, chifukwa ankalankhula uku akukhomerera chidendene.

Wobweretsa nsapato ankabwerera ndi imodzi kuphazi, inayo ili m'manja mwa a Gwanda.

"Madala, inayo bwanji? Ndikuchedwa ku ntchito."

"Guluu sanaume, achimwene. Podikirapo, foni yanu ili ndi bandulo?"

"Yatsala pang'ono."

"Pang'onopo ndi pambiri. Tadinani apa."

Tsiku lina masana mayi wina analemba m'gulupu ya chitetezo kuti akuba amuthyolera nyumba, atenga wailesi ndi mabulangete. Anthu ali mkati mofunsana kuti akubawo alowera kuti, a Gwanda anatulukira: "Pepani kwambiri amayi. Koma poti nonse mwagwira mafoni, pali gulu la zisudzo ku Chinsapo likusowa nsalu yotchingira." Sanathe n'kulemba komwe dzina la gululo, anali atakankhidwira kale kunja.

"Abambo, mumadzivutitsiranji?" ndinawafunsa. "Anthu alibe ndalama."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo omanga ndi ulusi wa nsapato.

"Alibe? Iwe Irene, pakachitika zovuta muno, pa windo lakoli pamakhala bwanji?"

"Pamakhala mzere."

"Basitu. Ndalama ilipo, koma imadikira munthu azizire. Ife timasonkhera mitembo, mwana wanga. Wamoyo timamuuza kuti alimbe mtima."

Mfundo imeneyi ndi imene inawagwetsera m'matope pa nkhani ya Weston. Weston anali mnyamata wa kuseri kwa chigayo, wa mawu oti ukamumva akuimba unkaiwala kuti ndiwo zili pamoto. Tsamba lake lopemphera ndalama ya ku situdiyo linakhala mwezi wathunthu lili gwaa. A Gwanda anatenga chithunzi chake, anachichotsa mtundu n'kusanduka chakuda ndi choyera, n'kuchiponya m'magulupu onse amene anali asanawachotse. Pansi pake analemba kuti: "Weston, mwana wathu. Mawu ngati ake sitidzawamvanso. Chimene tingamuchitire ndi ichi." Kenako linki.

Abale anga, ndinatuluka thukuta tsiku limenelo. Mzere unafika pa chigayo. Anthu omwe aja opanda ndalama aja ankakankhana kuti ndiwaikire ndalama m'foni atumize. Pofika madzulo amayi a mvano anali atamanga mipango, ena atasenza nkhuni, ena ufa, ulendo wa kwa make Weston, nyimbo ya maliro ili pakamwa. Atakhota pa mpanda anapeza malemuyo ali pakhonde, akukukuta chimanga chootcha.

Amayi awiri anakomoka. Make Weston, amene sankadziwa kanthu, anayamba kulira poona anzake akulira. Khamu lonse linatembenuka n'kulunjika pa benchi ya a Gwanda.

"Mwatinamiza, bambo inu!"

"Ndanama pati? Ndalemba kuti wamwalira?"

"Nanga chithunzi chakuda chija?"

"Mnyamatayo ndi wakuda."

"Tibwezereni ndalama zathu!"

A Gwanda anaika nsapato pansi, anavula magalasi, n'kufunsa mofatsa ngati akufunsa njira:

"Ndiye mwakwiya chifukwa choti mwanayu ali moyo?"

Koma ndalama zawo anazifunabe, ndipo zinabwezedwa. Weston, chifukwa cha manyazi otchedwa mzukwa paliponse, anasamukira ku Area 25 kumene akuyendetsa kabaza. Nyimbo ija sinajambulidwe.

Kwa masiku angapo a Gwanda anasoka nsapato mwakachetechete. Ndi masiku amenewo pamene anandiuza chimene chinkawadya. Ali mnyamata kwawo ku Ntcheu, iwo ndi anzawo atatu anali ndi bandi ya mabanjo opanga ndi zigubu za mafuta. Ankaimba m'maukwati, anthu n'kumavina mpaka fumbi kobo. Panalibe amene anawajambula. Anzawo aja onse anatsogola.

"Tinali ndi nyimbo zambiri, Irene. Pano ndikukumbuka theka la imodzi. Theka linalo ndikafunse ndani?"

Anaiyamba chapansipansi, anafika pakati, n'kuima. Ndinanamizira kuwerenga uthenga pafoni kuti asaone maso anga.

Kenako kunabwera Mirriam. Anali mtsikana wa ku Chipasula, wowonda, wosalankhulalankhula, wa kamera yogula pa kaunjika imene ankaikulunga m'chitenje ngati khanda. Kwa chaka chonse ankajambula kanema wa amayi oswa miyala m'mbali mwa msewu wopita ku Area 36: manja awo ong'ambika, nyimbo zawo, nthabwala zawo zolaula. Mtsogoleri wawo anali mayi Nachisale, amene fumbi la miyala linali litawapatsa chifuwa chosatha. Chinatsala chinali kulumikiza zithunzizo ndi kukonza mawu, ndipo zimenezo zinkafuna ndalama. Tsamba limene Mirriam anatsegula linali ndi lamulo louma: ndalama ikapanda kukwana pofika kumapeto kwa mwezi, aliyense amabwezeredwa yake, mwini kanema n'kutsala chimanjamanja.

A Gwanda ataonera kachidutswa ka kanemayo pafoni, anatulutsa mpango n'kumina.

"Uyu yekha atuluka, mwana wanga. Ndikapanda kumutulutsa, usadzanditchulenso Gwanda."

Vuto linali lakuti pa nthawiyi panalibe gulupu ndi imodzi yomwe imene inkawafuna. Ndiye anauyamba wapansi. M'mawa uliwonse ankaima pa siteji, minibasi ikamadikira kudzaza iwo n'kulowetsa mkono pawindo, foni ili pamphuno pa munthu.

"Taonani manja a mayi awa, bwana. Nyumba mukukhalamoyo maziko ake ndi miyala yawo."

"Madala, ndilibe tchenji."

"Safuna tchenji, amafuna chala chanu. Dinani apa."

Makondakitala anawatcha a Dinani. Dzuwa linawawamba, mapazi anatupa, nsapato za anthu zinaunjikana pa benchi osasokedwa. Koma kamzere kobiriwira koonetsa ndalama zosonkhedwa pa tsamba la Mirriam kanayamba kukwawa. Inenso ndinaponyapo kanga. Kamzereko kanadutsa theka, n'kuima ngati minibasi yothera mafuta pa chitunda.

Sabata yomaliza ya mweziwo, a Gwanda anabwera kuchokera ku siteji, anandipatsira foni kuti ndiitchaje, anakhala pa benchi, n'kupendekeka pang'onopang'ono. Ndinayesa akutola singano. Anamwalira m'mawa mwake ku chipatala, osatsegulanso pakamwa.

Zimene zinachitika pambuyo pake ndimazikumbuka ndi mkwiyo mpaka lero. Gulupu ya maliro inatsegulidwa uthenga usanafike n'komwe ku Ntcheu. Wotsegulayo, pothamanga, anaikamo aliyense wa m'foni mwake, ndi nambala ya malemu yomwe. Mzere wa pa windo langa unapitirira chigayo, n'kukhota. Amene anawachotsa m'magulupu, amene ankatseka mawindo a minibasi akawaona, onse analipo, nkhope zili zyoli. "Anali munthu wabwino," ankatero uku akutchula nambala. Dzuwa lisanalowe, chipepeso chinali chitaposa ndalama yonse imene Mirriam ankafuna.

Mirriam analimba mtima. Anapita kwa a Laws, mng'ono wa malemu amene anabwera kuchokera kumudzi kudzayendetsa mwambo, nagwada patali. Ine ndinali pomwepo, nditabweretsa ndalamazo.

"Abambo, pepani ndilankhule ngati mwana. Bokosi la matabwa wamba likhoza kuwakwana. Yotsalayo itapita ku kanema uja, mzimu wawo ukhoza kusangalala. Ankafera zomwezo."

A Laws sanali munthu woipa. Anatembenuza chipewa m'manja.

"Mwanawe, ndakumva. Koma ndalama ya maliro ndi ya maliro. Ndikapatutsa ngakhale pang'ono, mawa anthu anena kuti a kwa Gwanda adya chipepeso. Ndiponso achimwene angawa avala zigamba moyo wawo wonse, asokera anthu nsapato iwo akuyenda ndi zobooka. Lero lokha agone pabwino."

Ndani akanatsutsa? Kenako anayang'ana chitenje chimene Mirriam anafukata.

"Akuti uli ndi kamera. Utijambulire mwambowu, abale a ku Joni aone. Tikulipira bwinobwino."

Mirriam anafukata kamera yake n'kutuluka. Koma mwininyumba wake anali atamuchenjeza kale za ngongole ya lendi, ndipo m'mawa mwake ndinamuona ataima pakhomo la siwa, diso lili pa kamera, misozi ikutsikira m'khosi.

A Gwanda anapita m'bokosi loyera la zogwirira zonyezimira, lokhala ndi kagalasi pankhope ndi nsalu yofewa mkati. Munthu amene ankakhalira benchi ya miyendo itatu ndi njerwa! Nkhata zinali mulu. Olankhula analankhula mpaka mawu kusasa, aliyense akuti malemu ankakonda achinyamata. Palibe anatchula za tsamba lija. Mwezi unatha, kamzere kobiriwira kali pomwe anakasiya, ndipo foni yanga inalira kundiuza kuti kandalama kanga kabwerera. Sindinayambe ndadanapo ndi ndalama ngati tsiku limenelo.

Kanema wa maliro ndiye anatuluka msanga. Mirriam anamuika pa intaneti n'kutumiza linki kwa a Laws, a Laws n'kuiponya m'gulupu ya maliro. Inayenda ngati moto wa m'chilimwe: ya mpingo, ya chitetezo, ya banki m'khonde. Aliyense anadina pa buluu, kufuna kudziona mmene analirira ndi mmene chitenje chinamukhalira. Palibe anadandaula za bandulo. Palibe anachotsedwa. Imeneyo ndiyo linki yokhayo ya a Gwanda imene Area 23 yense anatsegula.

Anthu anayamikira kuti mtsikanayu ali ndi dzanja. Pano Mirriam sapuma: Loweruka ku Kawale, Lamlungu ku Biwi, pakati pa sabata kulikonse kumene kwagwa zovuta. Lendi akulipira pa nthawi yake, wagula ndi miyendo yoimikira kamera. Za amayi oswa miyala salankhulanso.

Mwezi wathawu anakumana pa windo langa ndi mayi Nachisale, amene anabwera kudzatapa kandalama kochokera kwa mwana wawo. Anali atatha, chifuwa chikuwagwedeza thupi lonse.

"Iwe Mirriam, kanema wathu uja atuluka liti? Anzanga akundifunsa."

Mirriam anayang'ana pansi.

"Ndalama sinakwane, amayi."

Mayiwo anaseka mpaka kutsokomola, anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, n'kumugwira paphewa.

"Usadandaule, mwanawe. Ikwana posachedwapa. Ukadzabwera kwathu ine ndili m'bokosi udzandijambule bwino, anditsegule kumaso."

Anamanga ndalama yawo pa mfundo ya chitenje n'kumapita. Ine ndi Mirriam sitinayang'anane.

Pa malo a benchi paja pano pali mnyamata wogulitsa mazira owiritsa. Magulupu athu ali phee, mwaulemu: vesi la m'mawa, funso loti madzi atuluka kwanuko, ndi mauthenga a maliro. Ana akujambulabe ndi makala ku Mgona, akuimbabe kuseri kwa chigayo, koma palibenso wotisokosa nazo, ndipo ndikuuzeni zoona, mtendere umenewu ukundiwawa.

Gulupu ya maliro ija sinatsekedwe. Nthawi zina makasitomala akatha ndimaitsegula n'kutsika pa mayina. Nambala ya a Gwanda ikadali momwemo, ndi kachithunzi kawo ka magalasi omanga ndi ulusi. Ndi gulupu yokhayo imene sitinawachotsemo, chifukwa ndi yokhayo imene anakhalamo chete.